Diso la Abambo Limene Linakana Kutseguka

Moni kwa inu nonse abale ndi alongo mwa Ambuye, makamaka atsikana anzanga amene timakumana pansi pa mtengo wa mango Misa ikatha. Ine ndine Rozina, uja ndimakhala kumbuyo pafupi ndi chitseko. Aphunzitsi anandipempha kuti ndiimirire pamaso panu ndinene zimene Mulungu anachitira banja lathu, koma inu mukundidziwa, ndikaimirira mawu amandithawa. Choncho ndapempha kuti ndilembe, wina awerenge. Zambiri ndazitenga m'kabuku kanga kamene ndimalembamo zochitika tsiku ndi tsiku, ndipo sindinawonjezerepo kanthu. Nkhani yake ndi ya abambo anga, amene anasiya kuona m'nyengo yothyola thonje chaka chatha, mpaka anatsala pang'ono kuchotsedwa pakhomo pathu.

Abambo ndi osula zitsulo. Kwawo ndi ku Chikweo, kutsidya kwa Shire, koma anadzakwatira kuno kwa Nsamala ndipo amakhala pamudzi wa amayi ngati mkamwini. Khasu saligwira kwenikweni. Munda wawo ndi chipala, kachisakasa kamene kali pansi pa mtengo wa bwemba, mmene muli mvukuto wa chikopa cha mbuzi wopemerera moto, nyundo ziwiri, mbaniro, ndi chidutswa cha njanji chosulirapo. Mkazi saloledwa kulowamo. Amene anawaphunzitsa ntchitoyi anawauza kuti mkazi akaponda pachipala, wosula amaona tsoka. Abambo ankathira mzere wa phulusa kuzungulira chisakasacho, ndipo ine ndinkakhala pa muzu wa bwemba, kunja kwa mzerewo, kumangoonerera.

Chimene ndinkakonda ndi mmene ankaonera kupsa kwa chitsulo. Ankawerama kwambiri, nkhope pafupi ndi makala, n'kumadziyankhulira okha. Chikafiira ngati mwazi ankati sichinapse. Chikafika pa mtundu wa papaya wakupsa ankachisolola msanga n'kuyamba kumenya. Tsiku lina anandiuza ali chikhalire pamenepo kuti nyundo aliyense angathe kuigwira, koma ntchito yonse ili m'maso. Mawu amenewa ndinawalemba m'kabuku, osadziwa kuti ndidzawawerenga ndikulira.

Zaka ziwiri zapitazi ntchito inayamba kuchepa. Anthu akugula makasu a m'sitolo za amwenye ku Balaka, ndipo zimene amabwera nazo kuchipala ndi njinga zothyoka pakati, mapulawo ong'aluka, ndi zitsulo za ngolo, zinthu zimene nyundo siingalumikize bwino. Abambo ankawabweza anthuwo ndi manyazi. Ndiye anamva kuti kufupi ndi njanji ku Balaka kuli shedi yokonzera malole a thonje, ndipo mzungu wa kumeneko akutenga amuna asanu ndi mmodzi kuti awaphunzitse kuwotcherera zitsulo. Anapita kukalembetsa. Anali wamkulu pa onse, ndipo anyamata anzawo ankawatcha agogo. Iwo sankadandaula. Ankanyamuka kukangocha, kubwerako dzuwa likulowa, atavala epuloni yachikopa imene anawabwereka kushediko.

Madzulo ankatifotokozera za ntchito yatsopanoyo. Kuli injini yolira, kuchokera mu injinimo kuli mawaya awiri, ndipo kumapeto kwa waya mmodzi amapanirako kandodo kachitsulo. Kandodoko kakagunda chitsulo pamabuka moto woyera ngati mphezi, zitsulo ziwiri n'kusungunuka kukhala chimodzi. Msokowo ukazizira pamwamba pake pamauma nkhanambo yakuda, imene amaigogoda ndi kanyundo. Munthu wowotcherera amaphimba nkhope ndi chigoba chokhala ndi kawindo ka galasi lakuda. Chigoba chimenechi ndicho abambo ankadana nacho. Ankati, “M'kati muja ndi mdima wokhawokha. Chitsulo ndichidziwa bwanji kuti chapsa ndisanachione mtundu wake? Zaka makumi awiri ndakhala ndikuyang'ana moto, maso angawa anazolowera.”

Choncho mzungu akatembenuka, abambo ankakweza chigoba pang'ono n'kusuzumira, monga amachitira pachipala chawo.

Mlungu wachitatu, Lachiwiri, anabwera maso ali psuu, akunena kuti muli ngati mchenga. Pofika Lachisanu anali bwino. Mlungu wotsatira zinachitikanso, n'kupolanso patapita masiku awiri. Amayi anawadandaulira, koma iwo anati ndi utsi chabe. Kenaka linafika Lachinayi lija. Tsikulo kunagwa mvula yowaza ya chiperoni, ndipo ine pochokera kusukulu ndinaona denga la chipala likudontha pamwamba penipeni pa mvukuto. Chikopa chikanyowa chimaola. Ndinayang'ana uku ndi uku, panalibe munthu wamwamuna. Ndinadumpha mzere wa phulusa, ndinafunditsa mvukuto ndi mkeka wakale, n'kutuluka mothamanga. Madzulo a tsiku lomwelo abambo anafika atagwira diso lamanzere. Anati kanthu kawalasa pogogoda nkhanambo, koma misozi ikachotsa. M'mawa mwake maso onse awiri anakanika kutseguka.

Amalume, mlongo wawo wa amayi, ndiwo mwini mbumba pamudzi pathu. Si munthu woipa, ndipo sindikulemba izi kuti muwade. Iwo anakaniza zopita kuchipatala, akuti kumeneko diso lodwala amalikolowola. Anapita kwa sing'anga n'kubwera ndi kabotolo ka madzi a mizu osakaniza ndi utomoni, kuti tizithira katatu pa tsiku. Diso lamanzere linali litatupa ngati dzira, ndipo munthu akangolikhudza abambo ankakuwa n'kumenya mwendo pansi. Amalume anayesa kulitsegula ndi zala, amuna awiri atagwira mapewa, koma linakana. Ndiye anati tiyambe ndi lamanja, linalo lidzathiridwa likaphwa. Ndinali ine wogwira kabotolo, chifukwa manja anga sanjenjemera. Abambo ankaluma nsalu mankhwala akamalowa. Patatha mlungu umodzi diso lamanja linayamba kutuluka mafinya, ndipo pakati pake panayera ngati diso la nsomba yophika.

Tsiku lina amalume anapita kuchipala cha abambo kukatenga nkhwangwa, ndipo anaona mapazi anga m'phulusa, ataumira momwemo. Anandiitana pamaso pa amayi. Anati, “Mapazi aja ndi a yani? Mwamuna wa mapazi aang'ono chotere pamudzi pano ndi ndani?” Ine ndinangoyang'ana pansi. Iwo anati, “Ndiye mukufunafunanso chimene chapha maso a munthuyu?” Kuyambira tsiku limenelo amayi anasiya kundiyang'ana kumaso. Abambo sanauzidwe. Ine ndinakhulupirira ndi mtima wonse kuti ndawachititsa khungu ndine.

Mlungu wachitatu wa matendawa amalume anakhala pakhonde n'kunena zimene ndinkaopa. Anati thonje likangotha kugulitsidwa adzawaperekeza abambo kwawo ku Chikweo, chifukwa mudzi uno sungasunge mkamwini wosaona, abale ake ndiwo amusunge. Ana ndi a kwa mayi, ndiye ine ndi ang'ono anga awiri tidzatsala. Ananena mosakweza mawu, ngati akunena za kusamutsa nkhokwe. Abambo anali m'nyumba, khoma lake ndi lopyapyala, ndipo ndikudziwa kuti anamva. Kumunda thonje linali litatsala mizere yochepa. Tsiku lililonse ndikamathyola ndinkaona kuti dengu lililonse lodzaza likuyandikiza tsiku lawo lochoka, moti ndinayamba kuthyola pang'onopang'ono mpaka amayi anandikalipira.

Masiku amenewo sindikufuna kuwakumbukira. Abambo ankakhala pamphasa pakona, zenera litatsekedwa ndi chiguduli, osayankhula. Zala zawo zinkangoyenda pa bondo ngati zikufuna mbaniro. Anaonda, ndevu zinamera, ndipo m'nyumba munkamveka fungo la diso lija. Kusukulu ndinasiya kupita. Kupemphera mokweza sindinkatha, choncho mapemphero anga ndinkawalemba m'kabuku, ndipo tsamba lililonse lili ndi pempho limodzi lomweli: Ambuye, tsegulani diso lamanzere la abambo kuti mankhwala alowe. Ndinalemba zimenezi masiku khumi ndi asanu ndi awiri. Diso silinatseguke. Tsiku lina ndinalemba kuti Mulungu samva mwana amene anaswa mwambo, kenaka ndinafufuta, koma zilembozo zikuonekabe.

Lachisanu lina abambo anandiitana. Anati nditenge epuloni yachikopa ija ndikabweze kushedi. Anati, “N'ja eni ake. Ndisachoke kuno anthu akunena kuti wosula wa ku Chikweo anathawa ndi chikopa cha mzungu.” Ndinadziwa pamenepo kuti iwonso avomera zochoka.

M'mawa mwa Loweruka ndinatsagana ndi amayi ena opita kumsika, epuloni ili pamutu, kabuku kali m'thumba la dilesi monga mwa masiku onse. Shediyo ndinaidziwa ndi phokoso. Nditaima pakhomo ndinaona kuwala koyera kukuphulika mkati, ndipo mawu anakuwa, “Iwe mwali, tembenuka! Usayang'ane!” Anatuluka bambo wachikulire, wamfupi, atavala kachisoti ka Chisilamu, manja ali ndi timabala ta moto tambirimbiri. Anali Che Bwanali, amene anaphunzira kuwotcherera kumigodi ndipo ndiwo amayang'anira ophunzira mzungu akachoka. Ataona epuloni anati, “Ya agogo a ku Chikweo iyi. Ali kuti? Ife timati anatopa nafe.”

Ndinatsegula pakamwa koma sipanatuluke kanthu. Anyamata awiri anasiya ntchito n'kumandiyang'ana. Ndinatulutsa kabuku, ndinatsegula pa tsamba la Lachinayi lija, n'kuwapatsa ndi manja awiri. Che Bwanali anakatembenuza uku ndi uku n'kuseka. “Mwali, ine zilembo za asisitere sindizidziwa. Zanga ndi za kumadirasa, zoyenda chobwerera m'mbuyo. Werenga wekha, ndili ndi makutu.”

Abale, chiyambire sindinawerengepo kabuku kanga pamaso pa munthu. Ndinapemphera mumtima mawu atatu okha, Ambuye ndigwireni lilime, ndipo ndinayamba. Mawu anatuluka. Ndinawerenga za mchenga m'maso ndi kupola kwake. Ndinawerenga za kanthu kamene kanawalasa pogogoda nkhanambo. Pamenepo anandiimitsa. Anati ndibwereze, ndipo ndinabwereza. Anafunsa kuti ndi diso liti, ndi masiku angati apitapo, ndipo zonse zinalimo. Anati, “Moto wa kandodo umapweteka maso masiku awiri, atatu, basi. Ine wandiwotcha kangapo. Diso lotupa milungu itatu lili ndi chitsulo m'kati. Ndinkamuona mdala ameneyu akukweza chigoba ngati mkamwini wosuzumira m'nkhokwe ya apongozi, ndinamuuza!” Kenaka anafunsa za diso lamanja. Nditawerenga za kabotolo, kuseka konse kunatha. Anavula epuloni yawo, anauza mnyamata mmodzi kuti azimitse injini, n'kutulutsa njinga.

Tinafika kwathu dzuwa lili pamutu, ine ndili pakaliyala. Amalume anali pabwalo ndipo sanakondwe kuona mlendo akulowerera za pamudzi. Che Bwanali anawapatsa moni mwaulemu wonse, kenaka anati, “Achimwene, inu mumalima thonje, ndipo ine sindingakuphunzitseni za mbozi. Matenda awa ndi a kuntchito kwathu. Ndiloleni ndione.” Anapempha madzi owiritsa, anawadikira kuti azizire, anaviika kansalu koyera n'kukaika pa diso lotupalo kwa nthawi yaitali, uku akucheza ndi abambo za anyamata a kushedi ngati palibe chovuta. Abambo anaseka pang'ono, koyamba m'milungu itatu. Atawatulutsa pakhomo pamene pali kuwala, Che Bwanali anakweza chikope pang'onopang'ono ndi kamtengo ka machesi. Anasuzumira, anapukusa mutu, n'kunena kuti, “Maso anga akalamba. Mwali, bwera uone ndiwe.”

Ndinagwada n'kuyang'ana m'diso la abambo anga. M'mbali mwa pakuda paja munali kadontho kakang'ono ngati njere ya fodya, katazunguliridwa ndi kamzere kofiirira. Nditanena, Che Bwanali anati kamzereko ndi dzimbiri. Anatulutsa maginito amene anachotsa m'lole yakufa, anayandikiza, koma kachitsuloko kanali katalowa kwambiri. Anati izi n'za singano ya asisitere a kuchipatala. Amalume anayambanso zoti akakolowola diso, ndipo pamenepo amayi, amene anakhala chete milungu yonseyi, anaimirira n'kumanga nsalu m'chiuno. Anati, “Achimwene, diso lina mwalitenga kale. Ili ndiperekeza ndekha.”

Abambo anakwera pakaliyala atakulungidwa nsalu kumutu, Che Bwanali akukankha njinga, amayi ndi ine tikugwirizira m'mbali. Tinafika kuchipatala cha mishoni dzuwa litapendeka. Asisitere anathira mankhwala oziziritsa ululu, anavala galasi lokuza zinthu, ndipo anachotsa kachitsuloko ndi nsonga ya singano. Anandionetsa pa kansalu. Ndinadabwa kuti kanthu kochepa chotero kangathe kupasula banja. Atayang'ana diso lamanja anati limenelo lafa, silidzaonanso, ndipo likanasiyidwa lokha likanapola m'masiku atatu. Anafunsa ngati mankhwala omwewo analowanso m'lamanzere. Ndinati iyayi, linakana kutseguka. Asisitere anati, “Ndiye thokozani Mulungu kuti linakana.”

Ndinatuluka panja n'kukhala pansi pa khonde. Masiku khumi ndi asanu ndi awiri ndinakhala ndikupempha kuti diso limenelo litseguke, kabotolo kali m'manja mwanga. Mulungu akanandiyankha monga ndinkafunira, ndikanawathira ndekha abambo anga khungu la maso onse awiri. Ine ndinkati sakundimva, pamene Iye anali atagwira chikope chija ndi dzanja lake.

Abambo anakhala omangidwa nsalu masiku asanu ndi atatu, ndipo asisitere sanalonjeze kanthu. Tsiku lomasula ndinaima kumapazi kwa bedi. Anaphethira nthawi yaitali, misozi ikutsika, mutu ukutembenuka pang'onopang'ono mpaka unaima pa ine. Ndinkayembekeza mawu aakulu oti ndikalembe. Iwo anati, “Rozina, dilesi lako lafupika.” Amayi anakhala pansi pomwepo n'kulira mokweza, mpaka odwala ena anadzuka kuti aone amene wamwalira.

Panjira yobwerera ndinawaululira abambo za mvukuto ndi mapazi a m'phulusa. Tinayenda mpaka tinawoloka kamtsinje. Kenaka anafunsa kuti mvukutowo uli bwanji. Ndinati ndi wouma. Anati, “Ndiye unachita bwino. Chimene chinandilasa ine ndi kuuma mutu kwanga, osati mapazi ako.”

Sindikufuna kukunamizani kuti zonse zinabwerera mwakale. Diso lamanja ndi loyera mpaka lero, ana ena amaliopa, ndipo dzuwa likawala kwambiri lamanzere limatuluka misozi. Mzungu wa kushedi poyamba anakana kulandira munthu wa diso limodzi. Che Bwanali anamupempha kuti awayese kaye, ndipo anawamangirira chigoba kumutu ndi chingwe, mfundo ili kumbuyo, kuti dzanja lisachikwezenso. Abambo akuti masiku oyamba ankaona mdima wokhawokha, koma atadekha anayamba kuona m'galasimo kadziwe kowala ka chitsulo chosungunuka kakuyenda pambuyo pa kandodo, ndipo makutu anaphunzira kulira kwa msoko wabwino, kofanana ndi mafuta m'chiwaya. Anzawo anamaliza n'kulandira mapepala awo, iwo anatsalira miyezi inayi. Pepala lawo linabwera mvula itayamba. Thonje linagulitsidwa, ndipo za ku Chikweo palibe anazitchulanso. Amalume sanapepese ndi pakamwa, koma tsiku lina anafika ndi pulawo yawo yong'aluka, anaiika pakhomo, n'kunena kuti, “Alamu, mukaione kushedi kwanu kuja.”

Ndikuthokoza Mulungu amene anandikaniza chimene ndinkapempha. Ndikuthokoza chifukwa cha Che Bwanali, amene sapemphera nafe m'tchalitchi muno koma anazimitsa injini chifukwa cha mwana wosatha kuyankhula. Inu anzanga amene mwapemphera nthawi yaitali chitseko chili chotsekabe, musafufute pemphero lanu monga ndinachitira ine. Pitirizani, ndipo wodwala wanu mupite naye kuchipatala msanga, musathire kanthu m'diso la munthu.

Loweruka abambo amasulabe pachipala chawo, chifukwa alipo anthu amene amafuna nkhwangwa ya pamanja. Mzere wa phulusa uja unakokoloka ndi mvula, ndipo sanauthirenso. Diso limodzi limatopa msanga, choncho saweramiranso pamoto. Amandiitana kuti ndiime pambali pa mvukuto, iwo atagwira mbaniro, nkhope atayang'ana kumbali, n'kufunsa kuti, “Rozina, chafika pa papaya?” Ine ndimayang'anitsitsa, ndipo chikafika ndimayankha mokweza, kuti amve ngakhale mvukuto ukulira. Ambuye alemekezeke. Amen.